Wosesa m'Nyumba ya Nzeru

Nyengo yotsiriza maphunziro ikafika, mabanja athu amavala zovala za pa Khrisimasi ndi kulunjika ku Lusaka kapena ku Kitwe kukaona mwana atavala mkanjo wakuda ndi cisoti ca makona anayi. Amayi amaliza nthungululu, atate amayenda mothimbwidzika monga ngati digiriyo ndi yawo, ndipo ena amapempha Misa ya ciyamiko. N'koyenera kutero, pakuti maphunziro ndi mphatso, ndipo ambiri anagulitsa ng'ombe ndi mtedza kuti tsikulo lifike. Koma mwa onse amene amaponda udzu wochechedwa bwino ndi kukhala m'holo yonyezimira, ndi owerengeka amene amafunsa za munthu amene anachecha udzuwo kapena anakolopa pansipo. Mwezi uno tifuna tikambe za iyeyo, ndi za amene ali ndi udindo wosunga moyo wake pamene ali panchito.

Tikamva za ngozi ya panchito, maganizo athu amathamangira ku migodi. Akuluakulu sanaiwale za Mufulira, pa 25 Sepitembala 1970, pamene matope anagumukira pansi pa mgodi ndi kupha anthu 89. Yunivesiti timaiyesa malo a mabuku ndi coko, kumene cinthu coopsa koposa ndi mayeso. Komatu yunivesiti ndi mzinda wathunthu. Tengani Yunivesiti ya Zambia, imene inalandira ophunzira ake oyamba m'caka ca 1966. Pa msewu wa Great East pali sukulu ya za migodi, ya uinjiniya, ya zaulimi, ya sayansi, ndi ya madokotala a ziweto yochedwa dzina la Samora Machel; ku Ridgeway, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH, n'kumene aphunzira za udokotala. Pa malo otere mupeza makina odula zitsulo, asidi, masilinda a mpweya woyaka, magazi a odwala, mitembo ya anthu ndi ya nyama, mankhwala opopera m'minda, makhichini, majenereta ndi mapaipi a zonyansa. Fakitale imakhala ndi ngozi za mtundu umodzi kapena iwiri, ndipo anchito ake amazizolowera. Yunivesiti ili nazo zonse pang'onopang'ono, ndiponso caka ciliconse kumafika acinyamata atsopano amene sanagwirepo zinthu zimenezi cibadwire. Sitiloza cala sukulu imodzi ayi. Zimene tinena zikhudza yunivesiti iliyonse, kaya ndi ya Boma, ya eni ake, kapena yathu ya Mpingo monga ija ya ku Kalulushi.

Amene amayendetsa mzinda umenewu si aphunzitsi okha. M'mamawa, ophunzira akali m'tulo, kumalowa pageti amayi a matsache ndi ndowa, alonda, ophika, okonza mapaipi, osamalira maluwa, othandiza m'zipinda zoyeseramo mankhwala zimene ana athu azicha labu. Ku Lusaka ambiri acokera ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku Ng'ombe. Pa Sondo timakhala nawo pa benchi limodzi. Ena ndi a kwaya, ena ndi a Legio, ena timawaphunzitsira ana katekisimu.

Vuto lagona apa: pa yunivesiti nzeru zimakhala m'maofesi a pamwamba, koma ngozi imatsikira kwa amene ali pansi. Pulofesa adziwa bwino lomwe cimene cili m'botolo lililonse, koma sindiye amene amatsuka mabotolowo. Wophunzira akathira mankhwala otsala m'botolo la zakumwa lopanda cizindikiro n'kulisiya pa sinki, iye akumbukira cimene wathiramo. Mayi amene adzalipeza m'mawa aona madzi cabe. Tengani citsanzo caching'ono cimene cimacitika ngakhale m'nyumba zathu. Jik ndi wabwino, ndipo mankhwala ocotsa dzimbiri la m'cimbudzi ndi abwino, koma ambiri mwa mankhwala a m'cimbudziwo ali ndi asidi, ndipo ukawasakaniza ndi Jik mumatuluka mpweya wa klorini, womwe uja unapha asilikali ku Ulaya m'caka ca 1915. Wophunzira wa caka coyamba wa sayansi adziwa zimenezi. Mayi amene wapatsidwa zimbudzi 20 kuti azitsuke isanakwane 8 koloko, ndipo afuna kuti ziyere msanga, palibe amene anamuuza. Akayamba kutsokomola ndi kutuluka misozi m'kacipinda kopanda zenera, ayesa ndi cimfine.

Yoopsa koposa ndi singano. Ku sukulu za udokotala, za unamwino ndi za ziweto, singano yogwiritsidwa kale nchito iyenera kuponyedwa nthawi yomweyo m'bokosi lolimba losaboola. Wina waulesi akaiponya m'thumba la zinyalala, wobayidwa sakhala iye ayi, koma amene adzanyamula thumbalo. Pano tinene zimene aliyense wogwira nchito yotere ayenera kusunga pamtima. Pobayidwa patsukidwe ndi madzi ndi sopo, osayamwa kapena kufinya, ndipo munthuyo apite kucipatala tsiku lomwelo. Pali mankhwala ochedwa PEP amene amachinjiriza ku HIV, koma ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo kuyamba msanga ndiko kwabwino. Amamwedwa masiku 28. Pa anthu 1,000 obayidwa ndi singano ya magazi a HIV, pafupifupi 3 ndiwo amatenga kacilomboko. Matenda a ciwindi a hepatitis B, amene ambiri sawaopa, amapatsirana pa singano mosavuta kuwirikiza kambirimbiri, komatu ali ndi katemera. Bwana amene anaonetsetsa kuti madokotala ndi ophunzira abayidwa katemerayo, n'kuiwala wosesa m'wodi ndi m'labu, wasiya kunja munthu amene manja ake amalowa m'zinyalala tsiku ndi tsiku.

Ngozi zina sizikhetsa magazi. Mitembo yophunzirira imasungidwa m'mankhwala a fomalini, amene fungo lake limalasa m'maso ndi m'mphuno. M'caka ca 2004 bungwe la WHO lofufuza za khansa linaika mankhwala amenewa m'gulu la zinthu zodzetsa khansa kwa anthu. Wophunzira amakhala m'cipindaco miyezi yowerengeka n'kupita. Wothandiza m'cipindamo amapuma mpweyawo zaka 20. Cimodzimodzi malata a asibesito a pa nyumba zakale: akangokhala savuta, koma kalipentala akawaboola kapena kuwadula, fumbi lake limakhala m'mapapo, ndipo matenda amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40, munthu atapuma kale panchito ndi kubwerera kumudzi. Kumeneko abale adzafuna mfiti, ndipo mwina nkhalamba ina yosalakwa idzalozedwa cala.

Tisaganize kuti izi ndi za maiko osauka okha. Pa 29 Disembala 2008, ku Yunivesiti ya California mu mzinda wa Los Angeles, mtsikana wa zaka 23 wolembedwa nchito yothandiza pa kafukufuku anali kutunga ndi sirinji mankhwala amene amayaka okha akakhudzana ndi mpweya. Sirinjiyo inasolotoka, mankhwala anam'tayikira, ndipo juzi imene anavala inagwira moto. Sanavale khoti la m'labu. Anamwalira patapita masiku 18. Cimene ciwawa mtima n'cakuti miyezi iwiri ngoziyo isanacitike, oyendera a yunivesiti yomweyo anali atapeza zolakwika m'labu imeneyo, kuphatikizapo kusavala makhoti, ndipo anazilemba. Koma kulemba kokha sikunakonze kanthu. M'caka ca 2011 pulofesa woyang'anira pamodzi ndi akuluakulu a yunivesiti anaimbidwa mlandu. Kumeneko ndalama zinalipo, makhoti analipo, nzeru zinali zosefukira. Cinasowa ndi munthu wobwerera kukaona ngati colembedwaco cacitika.

Pa maliro a munthu wofera panchito timakonda kutonthozana kuti tsoka silinunkha, kapena kuti tsiku lake linakwana. Mawuwa ali ndi malo ake pamene tikupukuta misozi ya mkazi wamasiye, koma akalowa m'ofesi ya bwana amasanduka bulangeti lofunditsa mlandu. Zoona zake n'zakuti matsoka ambiri a panchito amanunkha, ena kwa miyezi: waya wosupuka umanunkha, gasi wotuluka amanunkha, makwerero othyoka amaoneka ndi maso. Ndipo si cikhulupiriro cathu kupatsa Mulungu mlandu wa ulesi wa anthu. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, Mose analamula womanga nyumba yatsopano kuti amange kampanda kuzungulira denga lake, cifukwa Aisraeli ankakhala ndi kugwira nchito pa madenga afulati. Wina akagwa popanda kampandako, magazi ake anali pa mwini nyumba. Taonani kuti lamulo limeneli silinapite kwa mlendo kuti aziyenda mocenjera. Linapita kwa mwini nyumba, ndipo linam'peza pa nthawi yomanga, munthu asanagwe. Pophunzitsa lamulo lacisanu la Mulungu timachula mpeni, cibonga ndi kucotsa mimba. Tiyenera kuchulanso bajeti imene yafafaniza magolovesi.

Akatswiri a za citetezo ca panchito amatsata nzeru yomweyo ya kampanda, ndipo ali ndi mndandanda wake. Coyamba, ngati cinthu coopsa cingacotsedwe, cicotsedwe; mankhwala amene akhala m'kabati kuyambira nthawi ya UNIP popanda wodziwa mwini wake safunika kuwasamala, afunika kutayidwa mwa njira yake. Ngati sicingacotsedwe, pafunike cina cosaopsa kwambiri colowa m'malo mwake. Zikakanika, pamangidwe cochinga pakati pa munthu ndi ngozi: cokoka mpweya woipa, cophimba lamba wa makina, bokosi la singano. Kenaka pabwera malamulo a kagwiridwe ka nchito ndi maphunziro. Magolovesi, magambutsi ndi zophimba kumphuno zimabwera kumapeto kwenikweni, cifukwa zimadalira munthu wotopa kuti akumbukire tsiku lililonse. Kwathu kuno timakonda kuyambira kumapetoko. Bwana akagawa maovolosi ndi kujambulitsa cithunzi, ayesa wamaliza, wanchito akavulala, funso loyamba limakhala lakuti, "Nanga n'cifukwa ciyani sunavale?"

Dziko lathu silinakhale cete pa nkhaniyi. M'caka ca 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la umoyo ndi citetezo ca panchito, limene linatambasula nkhaniyi kucoka ku migodi ndi mafakitale kufika ku malo ena anchito. Linalamula kuti wolemba anthu 10 kapena kuposerapo akhale ndi komiti ya umoyo ndi citetezo, kuti m'komitimo oimira anchito akhale ofanana ciwerengero ndi oimira abwana, ndi kuti zovala zodzitetezera zigulidwe ndi wolemba nchito, osati kudulidwa pa malipiro. Za cipepeso ca wovulala kapena wodwala cifukwa ca nchito, lamulo la 1999 linaziika m'manja mwa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola. Ndalama zake amasonkha ndi olemba nchito. Ndipo mu Juni 2022 bungwe la anchito la dziko lonse la ILO linaika malo anchito otetezeka pa mndandanda wa maufulu oyambirira a wanchito aliyense.

Koma komiti ndi ciyani? Pa yunivesiti makomiti ndi ambiri ngati nyerere, ndipo anthu ophunzira adziwa kulemba maminitsi okoma. Komiti ya citetezo imene mukhala madokotala a maphunziro okhaokha, yokumana m'cipinda cozizira ndi kukamba Cingelezi cakuya, idzadziwa zonse za malamulo koma sidzadziwa kuti citseko cothawira moto ca ku laibulale cinamangidwa ndi cheni cifukwa ca akuba mabuku. Amene adziwa ndi mlonda, pakuti kiyi ali nayo ndiye. Komiti yamoyo imayenda ndi miyendo, imatsegula makabati, imawerenga tsiku lolembedwa pa botolo lofiira lozimitsira moto, ndipo pa colakwika ciliconse imalemba dzina la wokonza ndi tsiku lobwerera kudzaona. Imasunganso buku la ngozi zimene zinangotsala pang'ono kucitika: njerwa imene inagwa popanda woigwera, waya umene unathetheka popanda wougwira. Buku lotere likakhala lopanda kanthu sindiye kuti zinthu zili bwino; ndiye kuti anthu aopa kulankhula.

Manthawo tiwadziwa. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mayi wosesa sakhala cete cifukwa ca manyazi okha. Ali ndi ana asanu ndi lendi, ndipo kunja kwa geti kuli anthu 50 ofuna tsache lakelo. Ndiponso tinaleredwa kuti wosaphunzira sawongolera wophunzira. Adzayamba bwanji kuuza a Dokotala kuti ophunzira awo amataya singano molakwika? N'cifukwa cake udindo wotsegula pakamwa pa wamng'ono uli ndi wamkulu. Mkulu wa dipatimenti amene amadziwa wosesa wake ndi dzina, namufunsa m'Cinyanja kapena m'Cibemba kuti, "Amayi, mwapeza zotani m'mabini sabata ino?" adzamva zimene woyendera wocokera kunja sangamve.

Pali cina cimene cafala masiku ano. Mabungwe ambiri salembanso okha osesa, alonda ndi osamalira maluwa. Amapatsa nchitoyo kampani ina. Wanchito akavulala, yunivesiti imati si wathu, funsani kampani. Kampani imati ndalama zimene tinagwirizana n'zocepa, ndipo mankhwala amene anam'psereza si athu. Wovulalayo amatsala pakati ngati mwana wa masiye pa maliro a eni ake. Apa Mpingo uli ndi mawu omveka. M'caka ca 1981, pokumbukira zaka 90 za kalata ya Papa Leo XIII yonena za anchito, Papa John Paul II analemba kalata yochedwa Laborem Exercens. Iyeyu anadziwa cimene ankanena, pakuti pa nthawi ya nkhondo yaciwiri anagwira nchito yoswa miyala ndiponso m'fakitale ya mankhwala ku Kraków. M'kalatamo anasiyanitsa wolemba nchito amene wanchito amamuona ndi maso, ndi wina wosaonekera, ndiye kuti mabungwe, mapangano ndi malamulo amene amakonza mmene nchitoyo idzakhalire. Ndipo anaphunzitsa kuti waciwiriyu nayenso ali ndi udindo weniweni. Yunivesiti imene yasankha kampani yochipa koposa, idziwa bwino kuti kuchipako kudzacokera pa magolovesi ndi pa malipiro. Nyumba ndi yake, asidi ndi wake, singano ndi za ophunzira ake. Pangano la nchito lingathe kulembedwa kuti kampani ionetse umboni wolembetsa anchito ake ku bungwe la cipepeso, kuti aliyense aphunzitsidwe asanalowe m'labu, ndi kuti akhale ndi mpando m'komiti. Amene amasaina mapangano amenewa ena ndi Akatolika anzathu, ndipo amalandira Ukaristia pa mzere umodzi ndi osesawo.

Za ophunzira eni ake tinene mwacidule, pakuti makolo akhudzidwa. Cipinda comangidwira anthu awiri cikagona asanu, soketi imodzi imanyamula sitovu, ketulo, aini ndi mafoni, ndipo waya umatentha m'kati mwa khoma. Magetsi akazima, monga tinaonera m'caka ca cilala ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, kumalowa makandulo ndi mbaula. Mbaula m'cipinda cotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagoneka munthu osadzukanso. Moto wa magetsi kapena wa mafuta ophikira sauthira madzi. Mukaperekeza mwana ku hositelo kapena ku nyumba za lendi zozungulira sukulu, musangoyang'ana matiresi. Yendani naye mpaka pa khomo laciwiri lotulukira, ndipo muone ngati mawindo onse ali ndi zitsulo zosatseguka.

Tidziwa yankho limene limabwera: ndalama kulibe. N'zoona kuti mayunivesiti athu akhala akulimbana ndi ngongole, ndipo makina okoka mpweya ndi okwera mtengo. Sitinyoza mavuto a amene amagawa kandalama kocepa pa zosowa zambiri. Koma kulemba dzina pa botolo kufuna colembera cabe. Kucotsa cheni pa citseko kufuna kiyi. Kuyeseza kuthawa moto kamodzi pa temu kufuna belu ndi theka la ola. Ndipo pamene ndalama za galimoto yatsopano ya bwana zapezeka koma za katemera wa osesa zasowa, vuto silikhala la ndalama. Kuonjezera apo, yunivesiti imaphunzitsa ndi zimene imacita kuposa zimene imalemba pa bolodi. Injiniya amene kwa zaka zisanu anaona wowocherera zitsulo akugwira nchito wopanda cophimba kumaso, popanda wodandaula, adzapita nazo ku mgodi kumene adzayang'anira anthu 200.

Tsiku la 28 Epulo dziko lonse limakumbukira za umoyo ndi citetezo ca panchito, ndipo patangopita masiku atatu, pa 1 Meyi, timacita cikondwerero ca Yosefe Woyera Wanchito, cimene Papa Pius XII anakhazikitsa m'caka ca 1955. Sabata imeneyo ingathe kukhala ndi nchito yake m'maparishi ozungulira masukulu aakulu. M'magulu athu ang'onoang'ono a Akhristu, mmene mphunzitsi wa pa yunivesiti ndi wosesa amakhala pa mphasa imodzi, wosesayo apatsidwe mpata woyamba kufotokoza zimene manja ake amagwira. Ndipo acinyamata athu Acikatolika ophunzira sayansi, udokotala ndi unamwino, amene amafunafuna nchito ya cifundo ya pa Lenti kapena pa chuthi, angathe kupempha cilolezo kwa akuluakulu a sukulu, n'kukhala pansi ndi amayi osesa, ndi kulemba pamodzi pepala limodzi m'Cinyanja ndi m'Cibemba: mankhwala amene sasakanizidwa, cocita ukabayidwa ndi singano, maola 72 aja, ndi nambala ya kiliniki. Pepalalo alimate pa citseko ca kacipinda kosungiramo matsache, pa msinkhu wa maso a munthu amene akutenga ndowa.